Mpando wopanda chipani: za Janet Austin ndi kwathu kwa Mbenje

Mu Januwale 2025, mayi Janet Austin anatula pansi udindo wa Lieutenant Governor wa British Columbia, womwe anaulandira pa 24 Epulo 2018. Ameneyu ndi munthu woimira mfumu m'chigawo, poti Mfumu Charles ya ku Britain ndi mfumunso ya Canada. Ambiri a ife Amalawi okhala kunja sitinalabadire. Ntchito yake imaoneka yamwambo chabe: kusaina malamulo amene aphungu avomereza, kuwerenga uthenga wa boma potsegulira nyumba ya malamulo ku Victoria, kulumbiritsa nduna. Koma chisankho chikavuta, onse amayang'ana kwa iye. Mu Okutobala 2024, chipani cha David Eby, yemwe anali nduna yaikulu ya chigawocho, chitapeza mipando 47 yokha mwa 93, mayiwa ndi amene anamupempha kuti apange boma.

Chomwe tikufuna muone, abale ndi alongo, ndi kumene anachokera. Sanali phungu. Kwa zaka 15 anatsogolera bungwe la YWCA ku Vancouver, lomwe limapezera nyumba amayi olera okha ana komanso malo osiyako ana masana. Asanapite kumeneko anali mkulu wa Big Sisters, bungwe lothandiza atsikana. Anadziwa kaye mavuto a mayi wosowa ndalama ya lendi, ulemu wa udindowu unabwera pambuyo.

Ku Malawi mpando wotere tinali nawo zaka 2 zokha. Sir Glyn Jones anaimira Mfumukazi Elizabeth kuyambira pa 6 Julayi 1964 mpaka pa 6 Julayi 1966, dziko litasanduka lipabuliki. Sitikulira utsamunda ayi, unapita ndipo upite. Tikulira kuti chichokereni apo, ulemu wonse kwathu umadzera kuchipani.

Taganizani za kwa Mbenje ku Nsanje. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, kenako mu Malichi 2019, anthu anadzaza m'misasa ku Bangula, ena atawoloka Shire pabwato kuchokera kutsidya. Namondwe wa Freddy mu 2023 anabwerezanso. Amene amagona komweko, kulemba mayina usiku ndi tochi, kuyeza ufa ndi nyemba, kuthira mankhwala m'madzi kuti kolera isabuke, ndi anyamata ndi amayi a m'mabungwe komanso a m'makomiti a m'midzi. Amadziwa banja lomwe lataya mbuzi zonse ndi gogo amene sangathe kuima pamzere padzuwa la kuchigwa lija. Akuluakulu akabwera ndi galimoto zawo kudzapereka matumba, anthuwa amaimikidwa kumbuyo kuti asatchinge kamera. Wina mwa iwo akafuna kumveka, njira ndi imodzi: avale nsalu ya chipani, ndipo tsiku lomwelo theka la mudzi lasiya kumukhulupirira.

Malamulo a dziko sitingawasinthe tili kuno. Koma m'mabungwe athu a Amalawi okhala kunja timachita zomwezo. Tikasonkha ndalama za chithandizo, timafunafuna dzina lalikulu loti likapereke, kuti zithunzi zikome pa WhatsApp. Dzinja likubwerali, tisanatumize kalikonse kuchigwa, tifunse kaye kuti ndani anali pamsasa wa Bangula madzi atangofika, ndipo ameneyo atiimire, alandire katundu ndi kulankhula m'dzina lathu pamaso pa a T/A Mbenje ndi a DC.