Ndalama za mafuta sizili pachitsime

Mafuta agalimoto akangosowa, funso limodzi limadzuka pa WhatsApp ndi pa Facebook: bwanji osangokumba mafuta a m'nyanja yathu ija? Nkhaniyi ndi yakale. Mu 2011 boma lidapereka chilolezo ku kampani ya Surestream Petroleum kuti ifufuze mafuta kumpoto kwa nyanja ya Malawi, ndipo chaka chotsatira mkangano wa malire ndi Tanzania udabukanso. Mpaka lero palibe dontho lomwe tagulitsapo. Achinyamata anzanga a ku Mchinji, tisathere bandulo pa maloto amenewa. Ngakhale mafutawo atapezeka mawa, ntchito zambiri sizikhala pachitsime. Zimakhala kumene mafuta amasanduka katundu, ndipo kumapeto kwa mzere umenewo kuli malo amene ife tingakwanepo.

Tangoyendani pamsika wa pa Boma, kapena pa Kamwendo tsiku la msika, muwerenge zinthu zochokera ku mafuta ndi gasi wa pansi panthaka. Thumba lomwe timaikamo soya ndi mtedza amaluka ndi pulasitiki yotchedwa polypropylene. Mapaipi a mthirira, zidebe, mabeseni, zigubu, mipando ya pamaliro, makandulo, mafuta odzola a Vaseline, zovala zambiri za kaunjika, phula la pamsewu wa M12, ngakhale kava ya foni yomwe mwagwirayo, zonsezi kholo lake ndi limodzi. Wamkulu wa zonse ndi feteleza wa urea. Amatenga gasi, n'kumuphatikiza ndi mpweya wa nayitirojeni kuti apange ammonia, kenako urea. N'chifukwa chake gasi akakwera mtengo kunja, monga zidachitikira mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, mlimi wa ku Mkanda amamva kuwawa pogula thumba lobereketsa chimanga.

Kukhala ndi chitsime sikutanthauza kuti zinthu zimenezi uzipanga wekha. Nigeria idapeza mafuta ku Oloibiri mu 1956, koma kwa zaka zambirimbiri inkagulitsa mafuta osayenga n'kumaitanitsa petulo kunja, uku anthu a ku Niger Delta akutsala ndi mitsinje yoipitsidwa. Zinthu zayamba kusintha pamene Aliko Dangote adamanga pafupi ndi Lagos fakitale ya urea, yomwe idatsegulidwa mu 2022, ndi ina yoyenga migolo 650,000 ya mafuta patsiku, yomwe idayamba ntchito mu 2024. Chuma chake chili pa kuyenga ndi kupanga.

Kwa anansi athu ku Mozambique nkhani ndi yomweyo. Kuyambira 2004, gasi wa ku Pande ndi Temane m'chigawo cha Inhambane amayenda m'paipi ya makilomita 865 kupita ku Secunda, ku South Africa, kumene kampani ya Sasol ili ndi mafakitale ake. Mu November 2022 sitima yoyamba yonyamula gasi wa ku Cabo Delgado idanyamuka kupita kutsidya la nyanja. Gasi ndi wa Mozambique, koma mlimi wa ku Angónia akugulabe feteleza wodula ngati ife tomwe.

Tisanamizane, sindikunena kuti timange fakitale yoyenga mafuta pa Mchinji. Zambia idayesa. Paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, idayamba ntchito mu 1968, ndipo fakitale ya Indeni idatsegulidwa mu 1973. Lero Indeni idasiya kuyenga, ndipo paipi ija ikunyamula dizilo woyengayenga kale. Fakitale yaing'ono, yakale komanso yakutali ndi nyanja yamchere singapikisane ndi zimphona za ku Middle East ndi India. Gawo limenelo tilisiye. Lathu ndi lotsatira, pomwe timibulu ta pulasitiki timasanduka thumba kapena paipi, pomwe feteleza amasakanizidwa kuti agwirizane ndi nthaka.

Apa ndi pomwe Mchinji ali ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe. Lilongwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 110, Chipata ili pakhomo. Njanji yolumikiza Mchinji ndi Chipata idatsegulidwa mu 2010, ndipo njanji yomweyo imatsikira ku Lilongwe, Salima, Nkaya mpaka kudoko la Nacala. Mu December 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia adatsegula chipata chimodzi cha Mchinji-Mwami kuti katundu asamachedwe ndi maofesi awiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 600,000 m'boma lino, ambiri mwa iwo alimi, ndipo kutsidya kuli chigawo chonse cha Kum'mawa kwa Zambia, kwa abale athu olankhula chinenero chomwechi ndi kulima mbewu zomwezi. Msika ulipo kale. Chomvetsa chisoni n'chakuti bizinesi ya mafuta yomwe achinyamata ambiri a m'malire timaidziwa ndi ya zigubu: kugula petulo mbali yomwe watchipa, kudutsa naye njira zachidule, n'kumugulitsa m'mabotolo kwa a kabaza. Geni imeneyo imadyetsa lero, koma ndi yoletsedwa, imatha kuotcha nyumba, ndipo mitengo ya mbali ziwirizi ikangofanana imafa yokha.

Ndikuona zitseko zitatu. Choyamba ndi matumba. Chaka chilichonse soya, mtedza, chimanga ndi mpendadzuwa zimachoka muno m'matumba omwe adapangidwa kwina. Makina oluka thumba kuchokera ku timibulu ndi odula, koma kudula, kusoka ndi kusindikiza dzina la kopaletivi pa nsalu yolukidwa kale ndi ntchito yomwe gulu la achinyamata lingayambe ndi makina ochepa.

Chachiwiri ndi zinyalala za pulasitiki. Lamulo la 2015 lidaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60, ndipo bwalo la Supreme lidagwirizana nalo mu 2019. Lamulolo tiliteteze, pakuti majumbo amenewo akutseka ngalande ndi kupha mbuzi. Koma chidebe chosweka, chigubu chobooka ndi mpando wothyoka ndi mafuta omwe dziko lidalipira kale ndi madola. Wozitolera, kuzisankha, kuzitsuka ndi kuzigaya amagulitsa ku mafakitale a ku Lilongwe pamtengo woposa wa amene wangotola. Akakula, akhoza kumapanga yekha mapaipi akuda a mthirira omwe alimi a m'madimba a m'mbali mwa Bua amawafuna chilimwe chilichonse.

Chachitatu ndi feteleza. Urea sitingapange popanda gasi, koma kusakaniza n'kotheka, ndipo ku Liwonde, pa njanji yomweyi, kuli kale fakitale yochita zimenezi. Nthaka ya ku Kapiri ndi ya ku Waliranji sizisowa zakudya zofanana, komanso soya ndi mtedza safuna nayitirojeni wochuluka ngati chimanga. Wachinyamata wophunzira ku LUANAR yemwe angamayeze nthaka, kulangiza mlimi ndi kulongedza feteleza m'timapaketi ta makilogalamu 5 kapena 10 akhoza kupeza makasitomala pakati pa anthu omwe thumba la makilogalamu 50 lidawakanika.

Wina anena kuti, "Akulu, mukulota. Magetsi ali kuti? Madola ogulira makina ndi timibulu muwatenga kuti?" Funso labwino. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022 tidakhala mu mdima miyezi yambiri. Chiongoladzanja cha kubanki nacho n'choopsa. Koma taganizani: madola omwewo tikuwatulutsa kale pogula katundu wathunthu, n'kulipiriranso malipiro a wantchito wa dziko lina. Kugula timibulu m'malo mwa paipi yopangidwa kale kumasiya malipirowo kuno. Ndipo zinyalala zogaya sizifuna dola ngakhale imodzi.

Tisaiwalenso kuti Mchinji ali ndi zitsime zake za mafuta, zomwe timazibzala mvula ikagwa. Alimi a MASFA adatchukitsa mtedza wa boma lino mpaka m'masitolo a ku Britain kudzera mu Fairtrade. Komabe mbewu zathu zambiri zimakwera lole zosakonza, mavenda atagula pa sikelo yokayikitsa, kenako timagula mafuta ophikira m'botolo pamtengo wolira nawo. Zomwe Nigeria inkachita ndi mafuta a pansi ndi zomwe ife tikuchita ndi soya. Woyenga mpendadzuwa amagulitsa mafuta, amagulitsanso zotsalira zake kwa oweta nkhuku ndi nkhumba, ndipo amafuna mabotolo, zigubu ndi matumba. Apa mafuta a m'munda ndi a pansi panthaka amakumana: fakitale imodzi imakhala kasitomala wa inzake. Dziko lino lidaonetsa kale kuti zotere zimatheka, pakuti kuyambira 1982 ku Dwangwa amapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, yemwe amasakanizidwa ndi petulo.

Tsono pali zomwe tiyenera kufunsa atsogoleri athu, mokweza ndi mosatopa. Khonsolo ya Mchinji ipatule malo a mafakitale ang'onoang'ono pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo ESCOM ifikitsepo magetsi amphamvu oyendetsa makina. Njanji, yomwe yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito mokwanira, iyambe kunyamula katundu modalirika, chifukwa feteleza wobwera pa lole kuchokera kudoko amafika atakwera mtengo. TEVETA iphunzitse kuyendetsa ndi kukonza makina a pulasitiki ndi oyengera mafuta, osangoti ukalipentala ndi utelala. Ngongole za boma zipite ku magulu ogula makina, posayang'ana mtundu wa nsalu ya chipani. A Malawi Bureau of Standards asamakhale ngati apolisi odikira kutseka, koma athandize opanga ang'onoang'ono kupeza chiphaso msanga. Phungu kapena khansala akabwera kudzagawa mipira ndi ma jezi, mufunseni za malo a mafakitale ndi za sitima.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Foni yomwe timaonerapo mpira wa ku England ikhoza kutiuza mtengo wa makina ogayira pulasitiki, kutiphunzitsa kusiyanitsa mitundu yake, ndi kutilumikiza ndi wogula wa ku Kanengo kapena ku Chipata. Anthu khumi a banki m'khonde akhoza kuyamba ndi sikelo, shedi ndi njinga ziwiri. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mafuta a m'nyanja akadali pachala. Njanji, chipata, soya ndi zigubu zobooka zili pamphuno pathu, ndipo tikazengereza, wina wochokera kutali adzamanga shedi pa siteshoni pomwepo, ife n'kumakapempha ganyu yonyamula matumba.