Cakudya Capsa 6 Koloko, Ife Tidya 14 Koloko

Mwezi wa Okutobala wafika ndi kutentha kwake, ndipo mvula ili pafupi. Ino ndi nyengo ya maukwati, makicheni pati ndi misonkhano ikuluikulu m'mipingo yathu. Ndiyonso nyengo imene kolera imayamba kuonekera. Mliri umene unayamba mu Lusaka mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 700. Bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ana a sukulu anakhala panyumba mpaka pa 12 Febuluwale 2024, ndipo ife amipingo tinauzidwa kuti mapemphero asapitirire maola awiri, tisapatsane moni wa m'manja, ndiponso kuti zakudya zophikaphika zisagulitsidwe pabwalo la chalichi.

Ambiri a ife tinang'ung'udza za maola awiri aja. Mau okhudza zakudya tinangowamva n'kupitirira. Mliri utazilala tinabwerera ku zakale, monga mmene tinacitiranso mu 2018, pamene asilikali anacotsa ogulitsa m'miseu ya mu Lusaka koma patapita nthawi zonse zinabwerera pamalo pake. Boma limaletsa zinthu anthu atayamba kale kufa, ndipo limamasula imfa zikacepa. Pakati pa mliri wina ndi wina palibe amene afunsa kuti kaphikidwe kathu kali bwanji.

N'zoona kuti gwero lalikulu la kolera ndi madzi. Zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi m'makomboni monga Kanyama ndi nkhani ya boma ndi makhansolo, ndipo tidzapitiriza kuinena. Mpingo sungayale mapaipi. Koma poto wa pamsonkhano, wa paukwati ndi wa pamaliro ndi wathu, ndipo kolera sindiyo yokha imene imabwera ndi cakudya.

Tiyambe ndi cimene moto umacita bwino. Tizilombo tosaoneka ndi maso tochedwa mabakiteriya, monga a kolera, a taifodi, ndi Salmonella amene amapezeka kawirikawiri mu nkhuku ndi mazira, amafa cakudya cikatentha kufika pa 70°C mkati monse. Umu ndi mmene limalangizira bungwe la zaumoyo la WHO. Ife tilibe zopimira kutentha m'makhichini a mipingo, koma maso tili nawo. Msuzi uzibwata, nthunzi izicokera pakati penipeni pa poto, ndipo nkhuku mukaiceka pafupi ndi fupa pasaoneke magazi. Apa amai athu safunika mphunzitsi. Nsima imabwata, nyemba zimakhala pamoto maola ambiri, nyama imaphikidwa mpaka kufewa. Pamene timaterereka ndi pa nkhuku yokazinga ya paukwati: zidutswa zikuluzikulu m'mafuta otentha kwambiri, kunja yafiira bwino koma mkati ikali yaiwisi. Kuyamba kuiwiritsa musanaikazinge kumathetsa vutoli.

Vuto lalikulu limayamba poto akatsika pamoto.

Kumbukirani tsiku la msonkhano waukulu. Amai afika kukali mdima, moto wayaka, pofika 6 koloko nyama, nkhuku ndi mpunga zapsa. Aphula kuti mbaula ndi mafuwa zilandire mapoto ena. Pa pulogalamu panalembedwa kuti cakudya ndi 12:30. Koma kwaya iliyonse ifuna kuimba nyimbo ziwiri, alendo ayenera kuchulidwa mmodzimmodzi, zolengeza ziwerengedwe (apa ife olemba zolengeza tilibe pobisala), mlendo wolemekezeka alankhule, wothokoza mlendoyo alankhulenso. Tiyamba kudya 14 koloko, ndipo omaliza pamzera alandira mbale yao 15 koloko itakwana. Nsima yokha ndiyo imaphikidwa cakumapeto, popeza palibe afuna nsima yozizira. Ndiwo ndi mpunga zadikira maola 8.

Mabakiteriya amaswana pamene cakudya cili pakati pa 5°C ndi 60°C, makamaka cikakhala cofunda ngati thupi la munthu. Zinthu zikawayendera bwino amawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Werengani nokha: mmodzi amakhala awiri, awiri akhala anai, ndipo pakutha kwa maola 7 mmodzi uja wabala oposa 2 miliyoni. Ndiye cifukwa cake a WHO amati cakudya cophika cisakhale padera kupitirira maola awiri. Kutentha kwa Okutobala kumangowathandiza.

Wina afunsa kuti, suja moto unapha mabakiteriya onse, nanga awa acokeranso kuti? Ena amabwera pambuyo pake, ndi manja, ndi cipande cimene cinagonekedwa pa thebulo, ndi nchenche, ndi fumbi. Koma alipo ena amene moto suwamaliza. Amadzitsekera m'kacikopa kolimba ngati mbewu yodikira mvula, ndipo amapulumuka ngakhale poto abwate. Mmodzi wa amenewa ndi Clostridium perfringens, amene amakonda nyama, msuzi ndi nyemba. Poto akayamba kuzizira, iye amadzuka. Ndipo poto wamkulu uja, wonyamula anthu awiri, ndiye amazizira pang'onopang'ono kwambiri: m'mbali mwazizira, koma pakati pakhala pofunda kwa maola ambiri. Kunyumba, kapoto ka banja kamatha nthawi yomweyo. Ndi pa cigulu ca anthu pamene bakiteriya ameneyu amapezera mpata.

Matenda ake amayamba patapita maola 6 mpaka 24. Motero palibe amene adwalira pa chalichi. Munthu afika kunyumba bwinobwino, ayamba kupotokola m'mimba pakati pa usiku, nati mwina ndi madzi a m'njira kapena mango aja. Mnzake wa ku komboni ina adwalanso usiku womwewo, nayenso aganiza zake. Anthu makumi angapo angadwale ndi poto mmodzi popanda akulu a mpingo kumva kanthu. Wacinyamata wamphamvu amacira m'tsiku limodzi kapena awiri. Agogo, mwana wamng'ono, mai wapakati, kapena mbale amene thupi lake n'lofooka kale ndi matenda ena, kutsekula m'mimba kotere kungawagoneke m'cipatala.

Nanga kutenthetsanso? Kumathandiza ngati kwacitidwa mokwanira, ndiko kuti cakudya cibwatenso conse, covundulidwa, osati kungocifunditsa. Kuika poto wamkulu pambaula mphindi zisanu kuti pansi pamveke kutentha sikupha kanthu. Ndiponso kutenthetsa kuli ndi malire ake. Mu mpunga mumakhala bakiteriya wochedwa Bacillus cereus, amene mpunga ukakhalitsa wofunda amatulutsa poizoni, ndipo poizoniyo saonongeka ngakhale muukazinge. Amasanzitsa munthu pasanathe maola ocepa. Cimodzimodzi Staphylococcus, amene amacokera m'mphuno, pakhungu ndi pa kacilonda ka pa cala ca wogawa cakudya. Cina covutitsa n'cakuti cakudya cotere sicinunkha ndipo sicisintha maonekedwe. Cizolowezi cathu conunkhiza poto n'kunena kuti zikali bwino cimangotithandiza pa cakudya cosasa, osati pa ici.

Tikaona zonsezi, tipeza kuti nkhaniyi si ya amai a ku khichini okha, ngakhale kuti anthu akadwala ndiwo amalozedwa cala. Iwo anaphika bwino ndipo anamaliza pa nthawi imene tinawauza. Amene anasunga cakudya maola 8 ndi ife okonza pulogalamu. Njira zilipo zocepa cabe. Kapena ndiwo ziyambe kuphikidwa mocedwerapo kuti zipse pafupi ndi nthawi yodya, kapena mapoto akhale pamoto wocepa akutulutsa nthunzi mpaka agawidwe, kapena tiimike msonkhano pa nthawi yake, anthu adye, zotsala tidzapitirize pambuyo. Njira yaciwiri ifuna makala ambiri ndi mbaula zoonjezera, ndipo tonse tidziwa mtengo wa thumba la makala masiku ano. Yoyamba ifuna mafuwa ambiri kuti mapoto apse pamodzi. Yacitatu siifuna ndalama konse, koma ndiyo imene imatikanika kwambiri.

Tiganizirenso za mzera. Mwambo wathu ndi wakuti alendo ndi atsogoleri ayambe, ana amalize. Ulemu ndi wabwino. Koma zotsatira zake n'zakuti amene matupi ao ndi osalimba ndiwo amadya cakudya cimene cakhalitsa kwambiri, ca pansi pa poto, cimene capitamo manja ambiri. Beseni losambiramo m'manja limayendanso motero: abusa asamba m'madzi oyera, akulu atsatira, ndipo likafika kwa ana madzi ali bii. Madzi a m'beseni limodzi amangosamutsa litsiro la wina kupita kwa wina. Pa nthawi ya kolera tonse tinaphunzira kuthirirana madzi ndi jagi ndi kuika zidebe za mpopi pakhomo la chalichi. Zidebe zija zikali kuti? M'mipingo yambiri zili m'sitolo, zina zinasweka mpopi, sopo anatha.

Sopo ameneyu si nkhani yaing'ono. Pa mliri wa kolera wa mu Lusaka wa 2003 mpaka 2004, ofufuza anapeza kuti kudya ndiwo zamasamba zosaphika kunali kogwirizana kwambiri ndi kudwala, ndipo m'nyumba mmene munali sopo wosambira m'manja anthu anali otetezeka kuposa anzao. Izi zitikumbutse za saladi ya kabichi ndi mayonezi imene siisowa paukwati uliwonse. Siipita pamoto konse. Imatsukidwa ndi madzi a m'dilamu, imadulidwa ndi mpeni umene mwina wangocoka pa nkhuku yaiwisi, pa thabwa lomwelo, ndipo imakhala pa thebulo kuyambira m'mawa. M'miyezi ya mvula, ife tiona kuti ndi bwino kabichi angophikidwa.

Madzi akumwa, a thobwa ndi a munkhoyo akhale owiritsidwa mpaka kubwata kwa mphindi imodzi, kapena othiridwa klorini monga mwa malangizo a pa botolo, n'kudikira mphindi 30. Ngati ndi amatope ayambe adikha ndi kusefedwa, cifukwa klorini sagwira bwino nchito m'madzi akuda. Ndipo kapu imodzi yomiza m'cidebe, imene aliyense amwera n'kubwezamo, imaononga zonse zimene klorini anakonza.

Pamaliro mpamene zonsezi zimakumana. Anthu ndi ambiri, cimbudzi ndi cimodzi, madzi ndi ocepa, kuphika kumatenga masiku awiri kapena atatu, ndipo cimbala ca usiku cimadyedwa m'mawa. Azaumoyo amaumirira kuti amene asamala mtembo asagwire cakudya, ndipo pa maliro a kolera amaletsa kuphikira cigulu. Lamulo limeneli limapweteka mtima, tidziwa. Kudyetsa olira ndi mbali ya cisoni cathu. Koma pomwepa mpamene mliri umacokera panyumba imodzi n'kulowa m'nyumba zina khumi.

Amene muli ndi mafiriji musawadalire kopitirira. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, m'malo ena malaiti anali kuzima maola oposa 20 patsiku. Firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anai cabe. Nkhuku zogulidwa Lacitatu kuti zikaphikidwe Loweruka zingasungunuke ndi kuumanso kangapo popanda wozindikira. Ngakhale malaiti alipo, poto wamkulu wotentha saikidwa m'firiji mmene alili, pakuti pakati pake sipazizira msanga. Cakudya cigawidwe m'ziwiya zing'onozing'ono zosazama. Zotsala zimene timanyamula m'mapulasitiki kukwera nazo basi zatha kale maola ake, ndipo mpunga wotere usapatsidwe ana.

Pali zina zimene moto sungakonze ngakhale pang'ono. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa, ndipo pafupifupi theka la masampulo 25 otengedwa ku zigayo anapezeka ndi aflatoxin wambiri. Ameneyu ndi poizoni wocokera ku cuku ca m'cimanga ndi nshawa zosauma bwino, amaononga ciwindi, ndipo kuphika sikumucotsa. Nyama ya ng'ombe yofa yokha, monga tinaonera pa anthrax ya ku Sinazongwe mu 2023, imadwalitsa ngakhale amene angoisenda. Cotero cimanga ca zopereka cioneke bwino cisanapite ku cigayo, ndipo nyama yochipa mosadziwika bwino isalandiridwe ngakhale ikhale mphatso.

Dziko lathu lili ndi lamulo la Food Safety Act la 2019, ndipo wophika mu lesitilanti afunika kukhala ndi cikalata ca kucipatala. Ife tidyetsa anthu mahandiredi tsiku limodzi popanda woyendera aliyense. Sitipempha kuti oyendera abwere kudzatseka makhichini a mipingo. Tipempha kuti mvula isanayambe, bungwe la akulu pa mpingo uliwonse likhale pansi ndi atsogoleri a amai, aitanenso manesi amene tili nao m'mipingo kapena wa zaukhondo wa pa kiliniki yapafupi. Asankhe munthu mmodzi pa msonkhano uliwonse amene nchito yake ndi kudziwa nthawi imene poto aliyense anatsika pamoto, kuona kuti sopo ndi klorini zili pa bajeti monga mmene mafuta ophikira amakhalira, ndi kupumitsa wophika aliyense amene ali ndi vuto la m'mimba kapena cilonda pa dzanja. Mbali imene idzafuna kukambirana kwenikweni ndi iyi: kodi munthu ameneyu, amene mwina adzakhala mai wamba wa mu mpingo, adzaloledwa kutumiza kapepala kutsogolo, abusa akali pa gome, konena kuti 12:30 yakwana?