Chakudza china chimaimba ng'oma

Mukafuna kuona amuna akuiwala bawo pa Mtakataka, ingotchulani Chilobwe. Amene anali anyamata masiku amenewo amakhala tsonga, aliyense ndi mbali yake ya nkhaniyo, ngakhale ambiri anali asanapondeko ku Blantyre. Achinyamata nawo ali ndi zawo: Nachipanti wa ku Ndirande, amayi amene ankapezeka ataphedwa ku Chiradzulu m'chaka cha 2000, ndi Jeffrey Dahmer wa ku America amene a Netflix anatulutsa kanema wa moyo wake mu 2022. Chithunzi cha mtembo chikalowa pa WhatsApp m'mawa ku Golomoti, pofika masana anthu a ku Salima achiona kale. Tonse timati "zoopsa izi", kwinaku chala chikutumizira ena.

Chidwi chimenechi sindikuchinyoza. Munthu aliyense amafuna kudziwa chimene chingamudule moyo, ndipo nthano za agogo athu zinali zodzaza ndi zilombo pa chifukwa chomwecho. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi phunziro limene timatolapo. Tikamva nkhani zotere timatsimikiza kuti wakupha ndi munthu wachilendo, wokhwima, woyenda ndi zizimba usiku, wa maso ofiira. Tikatero timayang'ana kutali, ndipo timaphonya zimene zikuchitika kuseri kwa mpanda wathu.

Nkhani ya Chilobwe yomweyo ndiyo mboni. Kuyambira mu September 1968 mpaka mu March 1970, anthu osachepera 31 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera ozungulira mzinda wa Blantyre, ena matupi awo atadulidwadulidwa. Apolisi atalephera kugwira munthu, mphekesera inatenga malo: akuti boma la Kamuzu Banda likusonkhanitsa magazi kuti libweze ngongole ku South Africa. Anthu ena anazengedwa mlandu mu 1969, koma khoti lalikulu linawamasula chifukwa umboni unali wosakwanira. Kamuzu anapsa mtima. Lamulo linasinthidwa, makhoti a mafumu anapatsidwa mphamvu zoweruza milandu ya kupha, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo majaji a ku Britain amene anali pa khoti lalikulu anatula pansi udindo. Mu March 1970 anagwidwa Walla Laini Kawisa, amene pambuyo pake anagamulidwa kuti aphedwe, ngakhale anthu ambiri sanakhulupirire kuti ankachita yekha. Nduna Gomile Kumtumanji nayo inatsekeredwa dzina lake litamveka m'nkhaniyi, mpaka inamwalira ili m'ndende mu 1990.

Kupha kunatha, koma makhoti amene mantha anawapatsa mano anatsala. Ndi omwewo amene anagamula kuti Albert Muwalo aphedwe, ndiponso amene mu 1983 anapereka chilango cha imfa kwa Orton ndi Vera Chirwa. Mantha a miyezi yowerengeka anatisiyira chilonda cha zaka zoposa makumi awiri.

Sitinaphunzire. Mu January 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa. Palibe amene anapezeka ndi botolo la magazi. Amene anafa anali alendo, oyenda usiku, ndi ena amene sanathe kudzifotokoza msanga. Tikamasaka chilombo, timagwira amene akuoneka mosiyana nafe, ndipo ife eni ndife timasanduka akupha.

Tsono funso limene makolo amandifunsa ndi lakuti: kodi mwana amene adzakhale woopsa amaoneka bwanji? Pa intaneti pamayenda mndandanda wa zizindikiro zitatu: kukodza pogona mwana atakula kale, kukonda kuyatsa moto, ndi kuzunza nyama. Mndandandawu unachokera kwa dokotala wa matenda a maganizo John Macdonald, amene mu 1963 analemba za odwala 100 a ku Colorado amene anaopseza kuti apha munthu. Onani bwino: anali oopseza, sanali zigawenga zopha anthu ambiri. Akatswiri amene anafufuza pambuyo pake sanapeze kuti zitatuzi zikakumana zimalosera wakupha. Makamaka kukodza pogona kulibe mlandu. Mwana wokodza pamphasa nthawi zambiri ndi nkhani ya kakulidwe ka thupi, matenda, kapena mantha amene akumudya mumtima. Kumuyanikira mphasa yake pabwalo kuti anzake amuimbe ndiko kumuvulaza. Ndipo kuno kwathu, kumene anyamata amatentha tchire posaka mbewa chilimwe chilichonse, tikati aliyense woyatsa moto ndi chigawenga, m'mudzi simutsala mwana.

Chimodzimodzi mwana wachete. Pano pa Mua pali sukulu ya ana osamva, ndipo aliyense amene anacheza ndi makolo a anawa amadziwa kuti ena asanadziwike kuti samva, ankatchedwa amwano, ouma mutu, kapena olodzedwa. Odwala misala nawo timawathawa ndi kuwagenda, chonsecho ambiri mwa iwo sapweteka munthu. Iwo ndiwo amapwetekedwa. Kusiyana ndi anzako si chizindikiro cha nkhanza.

Pa zitatu zija, chimene chili ndi kulemera ndi nkhanza kwa nyama, koma nachonso tichimvetse. Mnyamata wopha mbalame ndi legeni kuti akadyere nsima akusaka ndiwo. Wozinga nkhuku alendo akabwera watumidwa. Koma ndinaonapo mnyamata wa zaka ngati khumi atamanga kagalu ndi waya pamtengo wa bwemba, akukatentha makutu ndi chikuni, ndipo kakalira iye n'kumaseka mpaka kugwira m'mimba. Akuluakulu amene anali pafupi anangoti "ana a masiku ano" n'kupitiriza kusenda chimanga. Mwana woteroyo sakufunika chikwapu kapena sing'anga. Akufunika munthu womufunsa kuti iyeyo akutenthedwa ndi yani kunyumba.

Apa ndiye pagona nkhani. Kafukufuku amene boma la Malawi linachita mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti anyamata awiri mwa atatu alionse, ndi atsikana awiri mwa asanu alionse, anachitiridwa nkhanza zowapweteka thupi asanakwanitse zaka 18. Ku America, Cathy Widom anatsatira ana oposa 900 amene anazunzidwa kapena kutayiriridwa, ndipo mu 1989 anaonetsa kuti anawa akakula amagwidwa ndi milandu ya chiwawa kawirikawiri kuposa anzawo. Koma anapezanso kuti ambiri mwa iwo sanasanduke zigawenga. Zonse ziwiri n'zofunika. Mwana wozunzidwa sanalembedwe pamphumi kuti adzapha, koma nyumba ya ndewu ndi sukulu, ndipo ena amakhoza mayeso ake. M'mera mpoyamba.

Kwa akuluakulu zizindikiro n'zoonekeratu kuposa pamenepa. Chimene chimalosera bwino kuti munthu adzachita chiwawa ndi chiwawa chimene anachita kale. Moses Sithole wa ku South Africa, amene mu 1997 anapezeka wolakwa pa kupha anthu 38 n'kupatsidwa zaka 2,410, analibe maso ofiira. Anali waulemu, wovala bwino, ndipo ankanyengerera amayi powalonjeza ntchito. Koma asanayambe kupha anali atakhalapo kale m'ndende pa mlandu wogwirira mkazi. Njira yake inayambira pa amayi amene madandaulo awo ankaoneka ngati aang'ono.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Pa ngozi ya pamsewu wa Khwekhwerere n'zoona. Pa nkhanza za m'banja, ng'oma imalira mudzi wonse n'kumva. Mwamuna amene amalanda mkazi wake foni, kumuletsa kupita kumsika kapena kukwaya, kumuwerengera mphindi akapita kumjigo, ameneyo wayamba kuimba. Akafika ponena kuti "ukandisiya ndikupha, nanenso ndidzipha", n'kumagona ndi chikwanje kumutu, ng'oma yafika pakolasi. Ndipo pali chizindikiro chimodzi chimene ndikufuna ankhoswe onse achisunge pamtima: kukanyanga pakhosi. Kafukufuku amene Nancy Glass ndi anzake anatulutsa mu 2008 anapeza kuti mkazi amene mwamuna wake anamukanyangapo pakhosi amakhala pa chiopsezo chophedwa choposa kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi ena ozunzidwa amene sanakanyangidwepo. Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mkaziyo wanena kuti akuchoka, kapena wangochoka kumene.

Nanga ife timatani tikamva ng'omayo? Ndinakhalapo pa mlandu wa banja pakhonde la mwini mbumba wina. Mayi anakhala pansi atakulunga mpango m'khosi, kunja kukutentha monga kumatenthera kuno kuchigwa mu October, ndipo mawu ake anali osasa. Atsibweni ake atamuuza kuti achotse mpangowo, zala zinayi zinali zitadinda mbali imodzi, chala chachikulu mbali inayo. Mwamuna anagwada, chipewa m'manja.

"Pepani akuluakulu, unali mowa. Satana anandipitirira."

Nkhoswe ya kuchimuna inatsokomola n'kunena kuti: "Mayi, banja ndi kupirira. Taonani bambowa agwada. Za m'nyumba sitiulutsa."

Mlandu unatha ndi nkhuku imodzi. Palibe amene anafunsa mayiyo ngati akuopa kugona m'nyumbamo usiku umenewo. Anthu omwewo, akanamva kuti kudambo kwaoneka mlendo wonyamula chikwama, akanatuluka ndi zibonga mudzi wonse.

Mayi ameneyu sali yekha. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwa nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Wakupha anthu ambiri ngati wa ku Chilobwe amabwera kamodzi pa zaka zambiri. Mkazi wophedwa ndi mwamuna wake timamumva pa wailesi pafupipafupi, ndipo pamaliro pake aneba amanong'onezana kuti "tinkadziwa kuti zidzatha chonchi".

Chodabwitsa n'chakuti makolo athu sankabisa khalidwe loipa. Lowani m'nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare pa Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 pa mishoni ino ya 1902. M'chipinda cha Gule Wamkulu muli zilombo mazanamazana, ndipo zambiri ndi kalilole wa mudzi: chidakwa, wachiwerewere, wankhanza, mtsogoleri wodyera anthu ake. Pabwalo, munthu wa khalidwe lotere ankadziona akuvinidwa pamaso pa mbumba yonse, mkazi wake ali pomwepo akuomba m'manja. Mwambo unkatchula vuto lisanafike pamaliro. Amene lero amati "za m'nyumba sitiulutsa" asamanamizire chikhalidwe. Ngakhale chikamwini chinali ndi nzeru yake: mkamwini ankakhala pamaso pa alongo a mkazi wake, ndipo akanyanya ankamulongedzera katundu wake. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya kuno kwathu inaonetsa kuti mfumu ikhoza kulowa m'nkhani zimene ena amati n'zam'nyumba, pamene inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu amene ankawavomereza.

Malamulo aliponso. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kuletsa wankhanza kuyandikira amene akumuzunza, ngakhale kumutulutsa m'nyumba. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, m'midzi muli ogwira ntchito yoteteza ana, ndipo nambala za 116 ndi 5600 n'zaulere. Chimene chikusowa ndi munthu woyamba kutsegula pakamwa.

Choncho pempho langa likupita kwa anthu amene amaona zinthu poyamba. Ankhoswe, mlandu ukakhala wa ndiwo zosakoma kapena ndalama ya feteleza, weruzani. Ukakhala wa pakhosi, wa mpeni kapena wa kuopseza imfa, umenewo wakukulirani: perekezani mayiyo kuchipatala ndi kupolisi, ndipo usiku umenewo agone kwa abale ake. Aphunzitsi, mwana wozunza anzake aang'ono kapena nyama mobwerezabwereza musangomupatsa dzenje loti akumbe, fufuzani kwawo. Atsogoleri a Mphakati ndi a mipingo ina, musathamangire kuyanjanitsa anthu musanamve mkaziyo payekha, mwamuna ali kutali. Amfumu, mphekesera ya opopa magazi ikadzabweranso, chifukwa idzabwera, mlendo wogwidwayo mumuteteze mpaka apolisi afike.

Nkhani za Chilobwe tizikambabe pabawo, palibe choletsa. Koma amene ali ndi mphamvu zomvetsera za wakupha wa mu 1969 kwa ola lathunthu, akhalenso ndi mphamvu zodzuka kukagogoda pakhomo loyandikana nalo kukamveka kulira usiku uno.