Makina akalira, khasu liyambe laima

Tonse tinakula tikumva mawu akuti chuma chili m'nthaka. Akuluakulu ponena mawuwa ankatanthauza chimanga, mtedza ndi thonje, zinthu zimene munthu amazipeza atakhetsa thukuta. Koma ku Britain kuli anthu zikwizikwi amene pa masiku opuma amayendayenda m'minda ya alimi atanyamula makina ounikira zitsulo zokwiririka pansi. Ambiri a iwo amachita izi pongofuna kusangalala, monga momwe ena amakondera bawo kapena kuwedza nsomba. Nkhani za anthuwa zili ndi phunziro kwa ife amene timagwira khasu tsiku ndi tsiku.

Makinawa, amene ena amangowatcha ditekita, alibe matsenga. Kumapeto kwa ndodo yake kuli mbale yokhala ndi waya wozengezazengeza amene amatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo imasintha, ndipo makina amalira. Kandalama kamodzi amakamva ngati kali pafupi, mwina masentimita 20 kapena 30 kuchoka pamwamba. Komanso amalirira msomali, chitsekerero cha botolo ndi chidutswa cha chitini, kotero kuti anthu ambiri amatha zaka akukumba zinyalala zokhazokha. Amene akugulitsa makina n'kumalonjeza kuti amaona golide ali mamita ambirimbiri pansi, ameneyo akufuna ndalama zanu.

Komabe mwayi umagwera ena. Mu November 1992, mlimi wina wa m'mudzi wa Hoxne, m'boma la Suffolk, anataya hamala m'munda. Anapempha mnzake, a Eric Lawes, bambo wopuma pa ntchito amene anali ndi makinawa, kuti amuthandize kuyifuna. M'malo mwa hamala, a Lawes anafukula masipuni asiliva, zodzikongoletsera zagolide ndi ndalama zachitsulo za m'nthawi ya Aroma. Atadzaza matumba awiri anasiya kukumba, nakadziwitsa apolisi ndi eni malowo. M'mawa mwake akatswiri ofukula zinthu zakale anafika n'kuchotsa zotsalazo mosamala. Zonse pamodzi zinali ndalama zoposa 14,000 ndi zinthu zina pafupifupi 200, zimene zinakwiriridwa chaka cha 407 chitadutsa.

Chifukwa chakuti a Lawes anaugwira mtima, akatswiri aja anaona mmene zinthuzo zinalongedzedwera. Anapeza kuti zinali m'bokosi lathabwa, zina zili m'timabokosi ting'onoting'ono, zina zitakulungidwa m'nsalu ndi udzu. Izi zinasonyeza kuti mwini wake anazisunga mwadongosolo ali ndi chiyembekezo chodzazitenganso. Khasu likanapitiriza, umboni wonsewo ukanasakanikirana ndi dothi. A Lawes analandira mapaundi 1.75 miliyoni ndipo anagawana ndi mlimi uja. Hamala ija inapezeka pambuyo pake, ndipo nayonso inakasungidwa ku British Museum pamodzi ndi chumacho. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhani imeneyi inathandiza kuti dzikolo likonze malamulo ake. Lamulo la chuma chofukulidwa la mu 1996 limanena kuti munthu akapeza zinthu zagolide kapena zasiliva zimene zatha zaka zoposa 300 ayenera kukanena pasanathe masiku 14. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zimapatsidwa mwayi wozigula pa mtengo umene komiti ya akatswiri yagamula, ndipo kawirikawiri ndalamazo amagawana pakati wopeza ndi mwini munda. Palibenso wololedwa kuunika m'munda wa wina popanda chilolezo cha mwini wake.

Umu ndi mmene zinayendera mu July 2009, pamene a Terry Herbert, amene anali atatha zaka 18 akuunika m'minda, anapeza chuma m'munda wa a Fred Johnson pafupi ndi Lichfield, m'boma la Staffordshire. Munali golide woposa makilogalamu 5 ndi siliva woposa kilogalamu imodzi. Zambiri zinali zokongoletsera zogumulidwa ku malupanga ndi zida zina zankhondo za zaka pafupifupi 1,300 zapitazo. Mtengo wake unali mapaundi 3.285 miliyoni, ndipo awiriwo anagawana. Chomvetsa chisoni n'chakuti patangopita nthawi yochepa anayambana, aliyense akuloza chala mnzake pa nkhani ya ndalama. Ngati chuma chogawidwa motsata lamulo chinathetsa ubwenzi, nanga chogawana usiku chingathere kuti?

Yankho linaoneka mu 2015. Amuna awiri anapeza chuma china pafupi ndi tauni ya Leominster, m'munda umene mwini wake sanawapatse chilolezo. Munali mphete ndi chibangili zagolide pamodzi ndi ndalama zimene apolisi akukhulupirira kuti zinali pafupifupi 300. Zina mwa ndalamazo zinali ndi chithunzi cha mafumu awiri atakhala limodzi, umboni wosowa wakuti mfumu Alfred ndi mfumu Ceolwulf zinali pa mgwirizano m'nthawi ya nkhondo yolimbana ndi ma Viking. Amunawo anabisa zambiri nayamba kugulitsa mwamseri. Anafufuta zithunzi m'foni, koma apolisi anazibwezeretsa. Mu 2019 khoti linawapeza olakwa ndipo linawalamula kukakhala kundende zaka zingapo. Ndalama zambiri zija zinabalalika m'manja mwa ogula obisika. Anthu amene akanalemera mwaulemu anataya ufulu wawo, mwini munda anataya gawo lake, ndipo dziko linataya mbiri yake. Choipa chitsata mwini.

Wina anganene kuti izi n'za kutali. Komatu nthaka yathu nayonso inasunga zake. Mu 1960, antchito amene ankakumba maziko a thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, kufupi ndi mtsinje wa Zambezi kum'mwera kwa Zambia, anakumana ndi manda akale. Akatswiri atafukula anapeza anthu oikidwa atavala mikanda yagolide, pamodzi ndi mitanda yamkuwa ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Kuchokera pa malo amenewa timadziwa kuti makolo a m'chigawo chino ankachita malonda ofika kutali zaka mazanamazana zapitazo, atsamunda asanafike. Mosiyana ndi zimenezi, mu 1895 azungu ena anakhazikitsa kampani yofukula mabwinja amiyala m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, n'cholinga chongofuna golide. Anasanthula mabwinja ambiri osasamala za miphika, mafupa kapena malo amene chinthu chilichonse chinali. Zimene anaonongazo palibe angazibwezeretse.

Apa tikuona kuti kwathu kuno golide wakale kawirikawiri amapezeka m'manda ndi m'mabwinja a makolo. Munthu wokumba malo otere mobisa salakwira boma lokha. Amalakwiranso mudzi, chifukwa amene agona pamenepo ndi eni nthaka. Tisayembekezerenso kuti lamulo la ku Britain logawana ndalama likugwira ntchito kuno. Maiko athu ali ndi malamulo awoawo oteteza zinthu zakale, ndipo kuzifukula kapena kuzitulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Makina omwewa afikanso m'madera athu m'manja mwa anthu ofuna golide wachilengedwe, ndipo ntchito imeneyo ili pansi pa malamulo a migodi, amene nawonso amafuna chilolezo.

Tsono mlimi achite chiyani khasu lake likagunda mphika wa mikanda, zibangili kapena mafupa? Asiye kukumba. Asatsuke kapena kupala chimene wapeza, pakuti dzimbiri ndi dothi lomatirira zimathandiza akatswiri kudziwa zaka zake. Aphimbe malowo, aikepo chizindikiro, ndipo ngati ali ndi foni ajambule chinthucho chili pomwepo. Kenako adziwitse amfumu ndi ofesi ya boma yapafupi, kuti uthenga ukafike ku nthambi yoona za zinthu zakale. M'madera amene munali nkhondo pafunika kusamala koposa. Dziko la Mozambique linalengeza mu 2015 kuti lachotsa mabomba okwirira m'malo onse amene ankadziwika, koma chitsulo chachilendo chopezeka m'tchire chisamagogodedwe ndi khasu.

Inu alangizi ndi atsogoleri a m'midzi, nkhaniyi muikambe pa misonkhano mlendo wonyamula makina asanafike. Gwirizanani kuti aliyense wofuna kuunika m'munda ayambe waonekera kwa amfumu, aonetse chilolezo cha boma, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe pamaso pa mboni. Mlimi asalole kuti munda wake usiyidwe ndi maenje amene ng'ombe ingathyokeremo mwendo ndiponso madzi a mvula angayambitsiremo chigwembe. Ndalama zogulitsira mkanda wagolide mwamseri zimatha mwezi usanathe, pamene munda ndi mbiri ya mudzi ndi za adzukulu athu.