Mbewu ya nsomba ikayamba kufa, yambani mwayang'ana

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa anthu amene akumba maiwe a nsomba m'madambo a kuno ku Katete, ku Sinda mpaka ku Vubwi. Amati anagula mbewu yabwinobwino, anaithira m'dziwe ikusambira, koma sabata isanathe anayamba kutola zakufa m'mphepete. Dandaulo likatha pamabwera dzina la wolakwa. Ena amaloza amene anawagulitsa mbewuyo. Ena amaloza mnzawo wa dimba loyandikana kuti wathira poizoni chifukwa cha nsanje, ndipo milandu yotere imatha kufika kwa a nyakwawa. Amene alibe womuloza amathamangira kusitolo ya mankhwala a ziweto. Chimene chimandipweteka n'chakuti zonsezi zimachitika munthu asanagwire nsomba yodwalayo m'manja n'kuiyang'anitsitsa.

Vuto lomweli limawagweranso anthu a m'tauni amene amaweta nsomba zokongoletsa m'matanki agalasi. Imodzi mwa nsomba zimene amazikonda ndi angelfish, yathyathyathya, ya zipsepse zazitali, yochokera m'mitsinje ya Amazon ku South America. Ndi ya banja limodzi ndi tilapia wathu komanso mbuna za m'nyanja ya Malawi. Imafuna madzi ofunda, madigiri 24 mpaka 28, ndipo nthawi imene imadwala kwambiri ndi masabata oyamba itangofika m'tanki yatsopano. Oweta odziwa akaona kuti yapinda zipsepse kapena yasiya kudya, amayamba ndi mafunso: yafika liti, madzi ali bwanji, ikupuma motani, pakhungu pali chiyani. Amakhalanso ndi katanki kena kapadera kosungiramo nsomba yatsopano masabata awiri mpaka anayi isanakumane ndi zinzake. Iwo galasi limawaonetsa zonse. Ife madzi athu ndi obiriwira, nsomba timaiona itayandama kale. Ndiye kwa ife mafunso amenewa ndi ofunika koposa.

Funso loyamba ndi la nthawi. Nsomba zimene zafa tsiku lomwe zafika, kapena pa masiku awiri atatu oyamba, nthawi zambiri zaphedwa ndi ulendo. Taganizani za kansomba ka magalamu ochepa kamene kachoka ku Chipata kapena ku Lusaka m'thumba la pulasitiki, kagwedezeka pa Great East Road, kenako kakwera njinga yamoto dzuwa lili paliwombo. M'thumbamo mpweya wabwino ukutha, ndipo zonyansa zimene nsombazo zikutulutsa zikuchulukitsa amoniya, amene amawononga zopumira za m'mbali mwa mutu. N'chifukwa chake wogulitsa wodziwa ntchito sazidyetsa tsiku lathunthu ulendo usanayambe. Zikafika, mlimi wachimwemwe amamasula thumba n'kukhuthula nthawi yomweyo, kuchoka m'madzi otentha kulowa m'ozizira. Chofunika n'kuyandamitsa thumbalo padziwe lisanamasulidwe kwa mphindi 20 kapena 30, kenako kulitsegula, kulowetsamo madzi a m'dziwe pang'onopang'ono, nsomba zizituluka zokha. Ntchitoyi ndi ya m'mawa kapena madzulo. Ndipo kuno kwathu, komwe Juni ndi Julayi amazizira mpaka madzi a m'dambo kuluma m'manja, kuthira mbewu miyezi imeneyi n'kuiika pachiswe. Tilapia amasiya kudya madzi akatsika pansi pa madigiri 16 kapena 17, ndipo thupi lake limafooka moti kachilombo kalikonse kamalowa.

Funso lachiwiri ndi la ola. Pitani kudziwe mbandakucha, dzuwa lisanatuluke. Mukapeza nsomba zonse zili pamwamba zikumeza mpweya, kenako dzuwa likakwera n'kubwerera pansi, amenewo si matenda. Ndere zimene zimabiriwiritsa madzi zimapanga mpweya masana, koma usiku zimaupuma limodzi ndi nsomba, ndiye kukamacha umakhala utatsala pang'ono. Dziwe lothiridwa manyowa ambiri a nkhuku kapena a nkhumba, kapena limene gaga wosadyedwa akuwolera pansi, limafika msanga pamenepa. Lowetsani mkono m'madzi: chikhatho chikasowa madzi asanafike pachigongono, dziwe lakhuta. Siyani manyowa, chepetsani chakudya, lowetsani madzi atsopano. Mpweya ukachepa, zoyamba kufa ndi nsomba zikuluzikulu, ndipo mlamba, umene umatha kupuma mpweya wakunja, umapulumuka.

Nanga poizoni? Alipo, sindikukana. Koma poizoni ali ndi chizindikiro chake: amapha mwadzidzidzi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, nthawi iliyonse ya tsiku, ndipo kawirikawiri mupezanso ambululu ndi tizilombo ta m'madzi titafa. Dera lathu ndi la thonje ndi madimba a tomato ndi repu. Mankhwala opopera ngati cypermethrin amapha nsomba ngakhale atalowa ochepa kwambiri. Munthu wotsuka sipuleya kumtunda kwa mtsinje angaphe dziwe lonse la kumunsi popanda chidani chilichonse, mwinanso ndi mwana wa m'nyumba ya mwini dziwe yemweyo. Musanatchule dzina la munthu pabwalo, tsatirani kaye ngalande imene imabweretsa madzi.

Matenda enieni amayenda mosiyana. Amayamba patapita sabata imodzi kapena ziwiri, lero ziwiri, mawa zisanu, mkuja khumi. Apa ndi pofunika kugwira nsomba yamoyo koma yofooka, ija yodzipatula m'mphepete, n'kuiika m'beseni la madzi oyera. Timadontho toyera ngati mchere pakhungu ndi pazipsepse ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius, komwenso kamavutitsa angelfish m'galasi. Kamakhala pansi pa khungu pomwe mankhwala safika, kakakhwima kamagwera pansi n'kuswa ana mazanamazana, ndipo anawo ndi amene amafa ndi mchere kapena mankhwala pamene akusambira kufuna nsomba ina. M'madzi ofunda ulendo wonsewu umatenga pafupifupi sabata, m'ozizira umatalika. N'chifukwa chake nsomba ingafike ikuoneka yoyera koma itanyamula matendawa. Nsomba yodzikhula pa udzu ndi m'mbali mwa dziwe, khungu lili mbuu ndi zoterera zambiri, nthawi zambiri ili ndi tizilombo tina tapakhungu ngati Trichodina, tosaoneka ndi maso. Zoyera ngati thonje zomera pachilonda ndi chuku, chimene chimakonda nsomba zimene zasupuka mamba pogwiridwa ndi manja ouma kapena ukonde wokhakhala, makamaka nyengo yozizira. Maso otong'oka ndi kusambira mozungulirazungulira zimaloza ku mabakiteriya a Streptococcus ndi Lactococcus, amene avutitsapo alimi a m'makhola a pa Kariba, ndipo amakonda miyezi yotentha ndi nsomba zothithikana. Tsegulaninso chivindikiro cha zopumira. Zathanzi zimakhala zofiira bwino. Zotuwa, zotupa kapena zodyeka m'mphepete zikukuuzani kuti vuto lakula.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichofunika kuchilimbana nacho nokha: timadontho tofiira timene timakula n'kukhala zilonda zakuya zodya mnofu. Amenewa angakhale matenda a EUS, oyambitsidwa ndi chuku cha m'madzi chotchedwa Aphanomyces invadans. Anaoneka koyamba ku Japan mu 1971. Mu Africa anatulukira m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, ndipo anatsimikizidwa mu 2007, Zambia ili m'gulu la mayiko okhudzidwa. Mu Julayi 2020 anabuka ku Mchinji m'dziko la Malawi, kuseri kwa chipata cha Mwami, ndipo boma la kumeneko linaletsa kugulitsa ndi kunyamula nsomba m'deralo. Anthu a ku Vubwi akudziwa kuti malire amenewo amadutsidwa ndi njinga tsiku lililonse. Matendawa amakonda nyengo yozizira ndi madzi a asidi, amagwira kwambiri milamba ndi matemba, ndipo alibe mankhwala ochiza dziwe lonse. Amayenda ndi nsomba zamoyo, madzi ndi maukonde onyowa obwerekana. Woona zilonda zoterezi atseke potulukira madzi, asagulitse, asapatse mnzake mbewu, akwirire zakufa m'dzenje lakuya lothira laimu, ndipo akanene ku ofesi ya Dipatimenti ya Nsomba kapena kwa dokotala wa ziweto wa boma tsiku lomwelo. Nsomba ya zilonda si ndiwo, ngakhale mtima uwawe bwanji.

Za mankhwala ndinene mosabisa. Chizolowezi chogula paketi ya oxytetracycline wa nkhuku n'kumuwaza padziwe n'kutaya ndalama. Mankhwala amenewa sapha timadontho toyera, sachotsa chuku, sabweza mpweya m'madzi. Chimene amachita n'kulimbitsa mabakiteriya kuti asadzamvenso mankhwala, ndipo madzi a m'dziwelo amatsikira kumene anthu amatunga. Mchere wamiyala, womwe uli m'nyumba iliyonse, umathandiza kwambiri pa tizilombo tapakhungu ndi pa nsomba zotopa ndi ulendo: magalamu 3 mpaka 5 pa lita imodzi, m'mgolo kapena m'kathanki momwe mungayeze madziwo, osati m'dziwe lalikulu lomwe simudziwa kuchuluka kwake.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru yopatula chiweto chachilendo tili nayo kale. Mayi aliyense wa ku Mkaika, kuno ku Katete, amadziwa kuti nkhuku yogula pamsika siilowa m'khola tsiku lomwelo, chifukwa chitopa chimabwera ndi nkhuku yooneka yamoyo. Koma munthu yemweyo amathira mbewu yatsopano m'dziwe momwe muli nsomba zake za miyezi inayi, pamodzi ndi madzi a m'thumba. Kadziwe kakang'ono kapadera, kamene madzi ake salowa m'dziwe lalikulu, n'kokwanira. Mbewu ikhale m'menemo masabata osachepera atatu, ndi kaukonde kake ndi ndowa yake. Hapa, kakhola ka ukonde komangidwa m'dziwe lomwelo, imathandiza kuona ndi kuwerenga nsomba, koma siitchinga matenda, poti madzi ndi amodzi. Ndipo pakhale kope lolembamo tsiku limene mbewu yafika, kumene yachokera, ndi zakufa za tsiku lililonse. Mlangizi akafika, kope limenelo limamuuza zambiri kuposa mulu wa nsomba zowola. Ngati mukupita nokha kuofesi, nyamulani zodwala zamoyo m'ndowa ya madzi a m'dziwelo, ndi madzi ena m'botolo loyera. Nsomba imene yagona yakufa usiku wonse tizilombo tapakhungu timakhala titaithawa kale, palibe chimene angaone pa maikulosikopu.

Chiyambire 2022, pamene ndalama za boma za chitukuko za CDF zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, magulu a amayi, achinyamata ndi makopaletivu apeza mwayi woyamba ntchito ngati zoweta nsomba. Mapulani otere amawerengera kukumba, mbewu ndi chakudya. Pempho langa kwa makomiti oona mapulaniwa ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi ndi lakuti asavomereze pulani ya nsomba imene ilibe kadziwe kopatulira mbewu, choyezera kutentha kwa madzi, thumba la mchere ndi la laimu, komanso ndalama ya mafuta yoti mlangizi wa nsomba afike pa sabata yoyamba ndi yachitatu. Gulu limene latenga ngongole silikhala ndi ndalama yogulira mbewu kachiwiri.