Si imvi zimene zikuchotsa akatswiri pa tebulo la pool

Mu Julaye 2025 ku Jeddah, m'dziko la Saudi Arabia, Carlo Biado wa ku Philippines anagonjetsa Fedor Gorst 15-13 mu ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse wa nine-ball, n'kuika m'thumba madola 250,000. Biado anali ndi zaka 41. Gorst, yemwe ankateteza chikhocho, anali ndi zaka 25, ndipo ambiri amamutenga kuti ndiye chilombo cha masewerowa masiku ano. Ndiye tatiuzani, inu amene mumalalikira kuti munthu akangodutsa zaka 40 azipachika ndodo n'kukakhala pakhonde: tsiku limenelo munali kuti?

Nyimbo imeneyi yafika potopetsa. Wosewera wa imvi akaphonya mpira umodzi, olengeza pa TV amathamangira kunena kuti zaka zamupeza. Mnyamata akaphonya mpira womwewo, amati ndi tsoka chabe, aphunzirapo. Bodzali limawakomera okonza mipikisano chifukwa limawachotsera mlandu. Ine ndikuti akatswiri achikulire ambiri sachoka chifukwa dzanja layamba kunjenjemera. Amachoka chifukwa masewerowa akusokedwa motengera msinkhu wa kamera, ndiponso chifukwa pool sadyetsa munthu amene ali ndi banja.

Tiyambe ndi mbiri, pakuti mbiri sidya ziphuphu. Efren Reyes, amene anabadwa mu 1954, anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa nine-ball ku Cardiff mu 1999 ali ndi zaka 44. Mu 2004, ali ndi zaka 50, anatenganso wa eight-ball. Mu 2006 ku Reno anaposa Rodney Morris n'kupambana madola 500,000 ali ndi zaka 52. Mnzake Francisco Bustamante anadikira mpaka zaka 46 kuti akhale katswiri wa dziko lonse, ku Doha mu 2010. Shane Van Boening wa ku America anagwa mu ndime yomaliza kawiri motsatizana, mu 2015 ndi mu 2016. Anthu anayamba kunong'ona kuti nthawi yake yapita, koma mu 2022, ali ndi zaka 38, anakumananso ndi Albin Ouschan yemwe anamuliza mu 2016 n'kumubwezera. Kwa amayi, Kelly Fisher wa ku England anatenga mendulo ya golide pa World Games ya 2022 ali ndi zaka 43. Ngakhale mbiri ya kumwetsa mipira yambiri osaphonya inagwiridwa ndi anthu okhwima: Willie Mosconi anamwetsa 526 mu 1954 ali ndi zaka 40, ndipo amene anaiswa patapita zaka 65, John Schmidt, anamwetsa 626 ali m'zaka za m'ma 40. Kodi onsewa anangotola mwayi panjira?

Sindikunena kuti ukalamba ndi nthano. Umaluma, ndipo umayambira m'maso. Taonani munthu akawerama pa tebulo: chibwano chatsala pang'ono kukhudza ndodo, diso likuchoka pa mpira woyera umene uli pafupi, kupita pa mpira umene uli kutsidya kwa tebulo, n'kubwereranso, kangapo asanamenye. Munthu akadutsa zaka 40, diso limayamba kuuma, silisinthanso msanga pakati pa chapafupi ndi chapatali. M'mphepete mwa mpira wakutaliwo mumaoneka ngati mwachita nkhungu, chonsecho mpira wopyapyala umafuna kuti uukhudze pa kachigawo kochepetsetsa. Akavala magalasi wamba, powerama amapezeka akuyang'ana pamwamba pa felemu. N'chifukwa chake Dennis Taylor, katswiri wa snooker wa 1985, ankavala magalasi aakulu okwera mpaka pamphumi. Onjezanipo msana, khosi, ndi tulo tosokonekera chifukwa cha maulendo a pandege. Zonsezi n'zoona.

Koma pool si mpikisano wothamanga mamita 100. Palibe amene akukukankha, palibe amene akukuthamangitsa. Mpira umakhala phee kudikira kuti uganize. Ndipo maso akamachepa mphamvu, mutu umakhala utadzaza. Chaka cha 2025 chomwecho, Mark Williams anafika mu ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse wa snooker ali ndi zaka 50, akudandaula poyera kuti maso akumuvuta. Pa tebulo lalikulu kuposa la pool, la mayenje opanikiza kuposa a pool. Ronnie O'Sullivan anatenga chikho chomwecho mu 2022 ali ndi zaka 46. Ngati zikutheka kumeneko, wina asatinamize kuti ku pool n'zosatheka.

Chimene mkulu amabwera nacho pa tebulo sichigulidwa m'sitolo. Mnyamata amaona mpira umene akufuna kumwetsa. Mkulu amaona pamene mpira woyera ukaime pambuyo pa mipira itatu, amamva m'dzanja ngati nsalu ikuterera kapena yalema ndi chinyezi, ndipo amadziwa nthawi yoti asamwetse konse, angobisa mpira woyera kuseri kwa unzake n'kukakhala pansi kuonera mdani akuvutika. Mu 1995 ku Reno, akulimbana ndi Earl Strickland, Reyes anapezeka atatsekeredwa, mpira wofunika osauona. Anatumiza mpira woyera kukagunda m'mphepete mwa tebulo, kuwoloka kukagunda mbali inayo, n'kukakhudza mpirawo mopyapyala mpaka kugwera m'dzenje. Anthu amaonerabe kanema wake lero. Luso lotere limamera pa zaka makumi zowerenga ngodya za tebulo. Galu wamkota sakandira pachabe.

Tsopano taonani zimene masewerowa achita nalo lusoli. Anabweretsa kandodo kafupi kolumphitsira mpira. Kale mnzako akakubisira mpira, unkayenera kudziwa njira ya m'mphepete, apo ayi walipira. Lero umangotembenuka, kutenga kandodoko, kubaya mpira woyera kuchokera pamwamba, hopu, wadumpha msampha. Chimene mkulu anachiphunzira kwa theka la moyo wake, mnyamata akuchizemba ndi chipangizo chogula. Strickland wakhala akukalipira kandodo aka kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale mkuluyu ndi wa pakamwa potentha, apa sakulakwa.

Anabweretsanso wotchi. Pa matebulo oonetsedwa pa TV, munthu amapatsidwa masekondi 30 kuti amenye. Palibe amene amafuna kuonera munthu akuzungulira tebulo mpaka nsima kuzizira, n'zoona, koma wotchi imeneyi imadula chida chachikulu cha mkulu, chomwe ndi kuganiza. Anafupikitsanso masewero. Mu Mosconi Cup, mpikisano wa pakati pa America ndi Ulaya, munthu akangopambana magemu 5 nkhani yatha. Yerekezani ndi mu 1996 ku Hong Kong, pamene Reyes ndi Strickland analimbana masiku atatu kuti aone woyamba kufika 120, pa madola 100,000. Reyes, ali ndi zaka 42, anachokera m'mbuyo n'kupambana 120-117. Masewero aatali amavula munthu, amaonetsa amene akudziwadi. Aafupi amapereka mpando waukulu kwa mwayi ndi kwa amene wamwaza bwino mipira poyamba.

Umboni wina uli ku Derby City Classic ku America, kumene amasewera mitundu ina ya pool, monga one-pocket, momwe aliyense ali ndi dzenje limodzi lokha ndipo gemu imakhala nkhondo ya nzeru. Kumeneko Reyes anakhala katswiri wa mitundu yonse pamodzi mu 2010 ali ndi zaka 55, ndipo mu 2014 anatenganso chikho cha one-pocket ali ndi zaka 59. Munthu yemweyo, maso omwewo, msana womwewo. Chinasintha ndi mtundu wa masewero. Koma ndalama zikuluzikulu ndi makamera zonse zaunjikana pa nine-ball, chifukwa ndiyo yachangu, ndiyo yosavuta kugulitsa. Mukasankha mtundu umodzi wokomera maso akuthwa ndi dzanja lachangu, kenako n'kumati taonani, akulu atha, mukuchita chinyengo.

Chilonda chenicheni ndi ndalama. Wosewera pool salandira malipiro a pamwezi ngati wa mpira wamiyendo. Alibe penshoni. Tikiti ya ndege, hotela, chakudya ndi ndalama yolowera mpikisano, kawirikawiri zimachoka m'thumba mwake kapena mwa womuthandiza ngati ali naye. Mipikisano yamwazikana dziko lonse: lero Jeddah, mawa Atlantic City, mkuja Hanoi. Wopambana amanyamula chuma, koma amene watuluka msanga amabwerera kwawo ali ndi ngongole. Mnyamata wa zaka 22 angathe kugona anayi m'chipinda chimodzi n'kumadya mkate ndi madzi, palibe amene akumudikira. Bambo wa zaka 47 amene ana ake akufuna fizi amakhala pansi n'kuwerengera, ndipo masamu amamuuza kuti kuphunzitsa ena kapena kugulitsa ndodo kuli bwino kuposa kutchova njuga ndi chakudya cha ana. Akasowa pa mpikisano, ife timati wakalamba. Sanakalambe, wawerengera.

Ndipo anthu amenewa anapsapo kale. International Pool Tour ya Kevin Trudeau, yomwe inalonjeza Reyes theka la miliyoni lija, inabwera ndi ng'oma ndi malipenga, koma mu 2006 momwemo inayamba kulephera kulipira osewera pa nthawi yake, n'kuzilala. Mbadwo wonse unaphunzira kuti lonjezo la pool silidyedwa. Kampani ya Matchroom, imene ikuyendetsa mipikisano ikuluikulu ya nine-ball lero, yabweretsadi ndalama ndi ulemu zimene zinasowa, tisaiume mtima. Koma ku snooker, kumene banja la a Hearn, eni ake a Matchroom, lili ndi mphamvu, kuyambira mu 2022 wosewera aliyense wa pa mndandanda wa akatswiri anatsimikiziridwa mapaundi 20,000 pa chaka. Gofu ali ndi mipikisano ya anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo kuyambira mu 1980, ndipo imalipira bwino. Wosewera pool wa msinkhu umenewo amaitanidwa kudzajambulitsa zithunzi, kusainira ndodo, n'kuomberedwa m'manja. M'manja simugula ufa.

Koma nanu akuluakulu, musaganize kuti ndabwera kudzakusisitani. Ena mwa inu mwasandutsa ukalamba chobisalira ulesi. Anyamatawa sakupambana ndi kandodo kolumpha kokha. Wu Chia-ching wa ku Taiwan anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2005 ali ndi zaka 16. Joshua Filler wa ku Germany anachita zomwezo mu 2018 ali ndi zaka 21, Gorst mu 2019 ali ndi zaka 19. Amenewa amatenga pool ngati ntchito: amabwereza kamenyedwe kamodzi mpaka dzanja kuloweza, amaonera makanema a adani awo, amasamala thupi. Sanakulire m'chipinda cha utsi wa fodya n'kumagona dzuwa litatuluka. Mkulu amene safuna kukapimitsa maso, safuna kuphunzira zida zatsopano, koma akufuna mpando chifukwa cha zimene anachita mu 1990, akudzinyoza yekha. America itasankha Strickland kulowa m'timu ya Mosconi Cup ya 2022 ali ndi zaka 61, inasangalatsa oonera, koma Ulaya inapambana 11-7. Mpando wopatsidwa chifukwa cha dzina ndi chipongwe chofanana ndi mpando wolandidwa chifukwa cha imvi.

M'malo omwera a ku Ndirande kapena ku Chinsapo lamulo ndi limodzi, ndipo ndi lachilungamo kuposa la akuluakulu a TV: wopambana akhalabe pa tebulo, wogonja apereke ndodo. Palibe amene amafunsa chaka chobadwa. Lamulo limenelo ndi limene tikufuna pamwamba, koma bwalo lake likhale losalala. Talikitsani masewero m'mipikisano ikuluikulu. Ikani ndalama zooneka pa one-pocket ndi mitundu ina yofuna nzeru, osati nine-ball yokha. Pakhale mipikisano ina yoletsa kandodo kolumpha. Ndipo koposa zonse, wosewera aliyense amene wafika pa mndandanda wa akatswiri atsimikiziridwe ndalama yoti angayendere popanda kukongola. Mukachita zimenezi, mkulu amene agonje adzagonja chifukwa mnzake wamuposa, ndipo sitidzamulirira. Mpaka tsiku limenelo, lekani kunamizira imvi mlandu umene ndi wanu.