Lupanga silisanduka uta chifukwa choti mwafuula

Lero ndabwera ndi dandaulo, ndipo ndikudziwa kuti wina akwiya.

Loweruka lapitali masewero athu a Dungeons & Dragons anathera panjira chifukwa cha chiganizo chimodzi. Kwa inu amene simunakhalepo nafe patebulo, awa ndi masewero amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Aliyense amasewera ngati munthu wa m'nthano, mmodzi amakhala Dungeon Master wofotokoza zochitika ndi kuweruza, ndipo madayisi ndiwo amanena ngati chimene wayesa chatheka. Ife timatsata Player's Handbook ya 2014, ndipo woweruza ndine.

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4 amasewera ngati warlock, wankhondo wamatsenga. Atafika levulo 3 anasankha mphatso yotchedwa Pact of the Blade. Ndime yoyamba ya lamulo lake imamulola kulenga chida m'dzanja lopanda kanthu, n'kusankha mtundu wake nthawi iliyonse: lero nkhwangwa, mawa mkondo, bola chikhale chomenyera pafupi. Chidacho chimazimirira chikakhala kutali naye kupitirira mafiti 5 kwa mphindi imodzi. Koma kumunsi kuli ndime ina. Akatola chida chamatsenga chopangidwa kale, angathe kuchita mwambo wa ola limodzi kuti chikhale chake. Kuyambira pamenepo, akaitana chida, chimabwera ndi chomwecho.

Mnzathuyu anatola lupanga lamatsenga m'phanga, n'kulichitira mwambowo. Loweruka gulu litazingidwa ndi zilombo zouluka, iye akuti: "Sir, ndikuitana lupanga langa, koma libwere ngati uta, mphamvu yake ikhale yomweyo." Ndinakana. Anatsegula buku, chala pa chiganizo chonena kuti amasankha mtundu wa chida nthawi iliyonse. Tinakangana pafupifupi ola lathunthu. Mtsikana amene anali atangoyamba kusewera nafe analongedza madayisi ake mwakachetechete n'kupita kukakwera minibasi. Anakhala tsiku lonse osaponya dayisi pankhondo imene anaidikira sabata yonse.

Tsono ndinene poyera: kuwerenga kotereku ndi chinyengo, kaya mwini wake akudziwa kaya ayi. Chiganizo chosankha mtundu chili m'ndime ya chida cholengedwa, ndipo ngakhale pamenepo uta mulibe, poti uta ngolasira patali. Lupanga lotola lili ndi ndime yake. Kudula chiganizo uku n'kukachimata uko ndi zomwe timazilemba chonga chokhota m'makope tsiku ndi tsiku pa phunziro la kumvetsa nkhani. Mwana akayankha funso la ndime yachitatu ndi mawu a m'ndime yoyamba, kodi timamupatsa malikisi chifukwa mawuwo alimodi m'nkhanimo? Nanga bwanji munthu yemweyo akakhoza MSCE aziyesa kuti buku la masewero liwerengedwa mwamtundu wina?

Pali umboni winanso. Mu 2017 kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa Xanathar's Guide to Everything, momwe muli luso lotchedwa Improved Pact Weapon. Lusoli ndilo limalola warlock kulenga uta, ndipo kuti alitenge amasiya luso lina, poti malo ake ngowerengeka. Uta ukanakhala waulere kuyambira kale, ndani akanaulipirira? Jeremy Crawford, amene ankayankha mafunso a malamulowa mu Sage Advice, anagamulanso chimodzimodzi: chida chamatsenga chochitiridwa mwambo sichisintha mtundu.

Koma musaombe m'manja msanga, inu aphunzitsi anzanga. Mmodzi wa inu atamva nkhaniyi anandiuza kuti ndinataya nthawi, poti Dungeon Master ndi mfumu, akanena wanena, buku n'losafunika. Izinso ndazikana. N'zoona kuti mawu omaliza ndi a woweruza. Koma mphamvu imeneyo si chilolezo cha ulesi. Ine ndemwe chaka chatha ndinaletsa wosewera wina kuchitira mwambo uta wamatsenga umene anatola, ndikumati warlock ngwa zida zapafupi basi. Ndinalakwa. Ndime ya mwambo siitchula zapafupi kapena zapatali, ndipo Sage Advice imavomereza uta wotero. Ndinachita tchimo lomwelo la mnyamata uja, kungoti ine ndinali ndi mpando. Mwana uja sanatsutse chifukwa ndine mphunzitsi wake, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandichititsa manyazi kwambiri. Timadana ndi woyimbira mpira amene amaweruza motengera nkhope. Tisakhale otero patebulo, ngakhalenso m'kalasi.

Wina anena kuti ndi masewero chabe, bwanji osangomupatsa utawo asangalale? Chifukwa patebulo sakhala yekha. Mnzake anasankha munthu wolasa mivi, ndipo ulemu wake wonse uli pa utawo. Mukapatsa wofuula chilichonse, mwalanda wofatsa, ndipo mwaphunzitsa onse kuti chopambanitsa ndi kukweza mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wadekha n'kuwerenga ndime yonse asamalangidwe chifukwa cha kudekhako.

Chinanso, tizigwirizana buku tisanayambe. Player's Handbook ya 2024 inasintha lamuloli: warlock angathe kutenga Pact of the Blade pa levulo 1, ndipo kuitana chida kumangodya bonus action, pamene mu 2014 kumadya action yathunthu. Wobwera ndi theka la buku ili ndi theka la buku ilo, kutola zomukomera zokha, ameneyo akusoka chigamba chatsopano pa malaya akale.

Choncho kuyambira Loweruka likubwerali lamulo la patebulo langa ndi ili. Pakabuka mkangano, tiwerenga ndime yonse mokweza, kamodzi. Ndigamula pasanathe mphindi ziwiri, masewero apitirire. Wosakhutira andipeze tikamaliza, ndipo ndikapezeka wolakwa ndidzapepesa pamaso pa onse, monga ndachitira pano.

Iwe mwana wanga wa lupanga, mpando wako ulipo, ndipo lupanga lako likadali lupanga. Mtsikana uja ndamuimbira foni kumupepesa. Akabwera, woyamba kuponya dayisi ndi iyeyo.